Jekete pa Kompyuta ya Malemu

Kompyuta inazimanso yokha, kachitatu mwezi womwewo. Mmisiri, yemwe anaikonzanso mwezi wapitawo, anaitsegula atagwada pakona pa chipinda. Anangokhudza kachitsulo kam'kati n'kubweza chala msangamsanga.

"Mayi, apatu mungakazingepo dzira," anauza mwana wamkazi wa m'nyumbamo. "Pansi pa kachitsuloka pali ubongo wake, timati purosesa. Za mtundu uwu anasiya kalekale kupanga. Ikangopsa, basi iwalani."

Iwalani? Mawu a malemu bambo a mwanayo anali m'menemo. Bambowo ankakonda kuimba, ndipo kwa zaka makumi awiri ankadzijambula okha pa chikompyuta chachikalechi, ndi pulogalamu imene makina atsopano amaikana. Lamlungu lililonse mwanayo ankabwera kudzamvera. Amayi ake ndiye ayi. Nyimbo ikangoyamba ankanyamuka kukatsuka mbale zotsuka kale.

Mmisiri anapukuta fumbi, anapaka kamafuta koyera pa purosesa, anayesa fani. Fani inkazungulira bwinobwino. Kenako anatola kaulusi kabulawuni pa timabowo totulukira mpweya.

"Kodi alipo amene amaifunditsa? Ikasowa mpweya imatentha iyi."

Mwanayo anayang'ana pansi. Kawiri konse anapeza jekete ya bambo ake itaphimba timabowoto, kompyuta ili chiyakire. Inali jekete yaubweya ija bambo ankati akangolowa pakhomo pochokera kuntchito, n'kuivula, n'kuwaponyera amayi: "Landirani katundu wanu!"

Mwanayo anali atawafotokozera amayiwo mpaka kutopa. Anamata ngakhale pepala pakhoma, la zilembo zikuluzikulu: MUSAPHIMBE. Amayi ankangoti, "Ndamva mwanawe." Sabata inayo, jekete pomwepo. Koma ukalamba ndi wankhanza, abale! Bambo apita, tsopano mutu wa amayi nawo wayamba kupita. Anali atakambirana kale ndi achimwene ake zowatengera kwa dokotala.

Mmisiri atachoka, mwanayo anayamba kuzula mawaya, misozi ili chuchuchu. Kompyuta ipite kunyumba kwake isanapse.

Amayi anatulukira pakhomo la chipindacho, jekete ili m'manja.

"Ukupita nayo kuti?"

"Kwanga. Amayi, musakwiye, koma mwayamba kuiwala. Fumbi silingaiphe iyi, chimene chikuipha ndi nsalu. Ikapsa, bambo sitidzawamvanso."

"Ndaiwala chiyani ine?" amayi anafunsa motsitsa mawu. "Mmisiri ananena kuti ikasowa mpweya imatentha, ikatentha imazima, tsiku lina idzapseratu. Ananena mwezi watha, wanenanso lero. Ndinamva zonse. N'chifukwa chake ndimayang'ana wotchi. Mphindi khumi basi. Kungoti masiku ena mtima umandikanika, ndimawonjezera."

Mwanayo anasiya waya uja.

"Ndiye mumadziwa? Nanga mumachitiranji?"

Amayi anasisita kolala ya jekete, pamene panaperepeseka.

"Iwe uli ndi mawu awo. Ine mawuwo amandilasa, sindingathe. Ndinayesa kuiyanika padzuwa, imangonunkha dzuwa. Ndinayesa ayironi, imatentha mopitirira." Anaikumbatira pachifuwa. "Koma ndikaichotsa pamenepo, mwanawe, imakhala yofunda ndendende ngati angoivula kumene."