Mlatho wa Zitseko

Lonjezo anamuona komaliza mlongo wake Tinenenji akutsetserekera kumtsinje, nsapato zili m'manja, pathupi pali pa miyezi isanu ndi itatu, ulendo wa kusikelo. Madzi anamutenga.

Thandizo la chitukuko linkagawidwa ndi makina amene anaikidwa pabwalo la sukulu, ndipo lamulo lake linali lakuti mlatho umaperekedwa pamene pamira anthu atatu.

"Pepani," anatero makinawo Lonjezo atakadandaula. "Wosabadwa sawerengedwa. Kwatsala awiri."

"Ndiye tikubweretsereni ndani? Amayi anga?"

Atabwerera kunyumba anazula chitseko cha pakhomo.

"Iwe, tigona bwanji ngati mbuzi?" anafunsa amayi ake, aNankhoma.

"Mupachikepo chitenje, amayi."

Amayiwo analoza kuseri kwa nyumba. "Kazulenso cha kukhitchini. Ndi chamlombwa chimenecho, sichingaole."

Pofika Loweruka, nyumba khumi ndi ziwiri zinali ndi zitenje pakhomo. Lonjezo, amene zomangamanga anazisiyira chaka choyamba kukoleji, anakhomerera zitsekozo pamitengo ya bulugamu imene anaigoneka modutsa mtsinje uja, zina zikadali ndi maloko ake. Sanakauze makinawo.

Oyamba kuwoloka anali aNankhoma, nsapato zili kuphazi, pa 9 Febuluwale 2061.