Nyanja ya Mchere si Chiuta

Panali munthu wina ku Balaka, wogulitsa zipangizo za njinga pamsika, dzina lake Lucius. Nkhaniyi ndinaimva kwa mnzake wogulitsa naye limodzi, ndipo mpaka lero ndikaikumbuka mtima umandiwawa.

Lucius anakulira m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, mwana wa msodzi. Kusambira ankakudziwa, kupalasa bwato ankakudziwa, ndipo zimenezi ankakuuzani musanamufunse n'komwe. Pa nkhani ya madzi simukanamuuza kanthu.

Sukulu zitatsekera mu Ogasiti, anatenga mkazi wake Dorica ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwai, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, kuti akaone nyanja ya mchere ku Mozambique. Anadzera ku Nayuchi mpaka anakafika kufupi ndi Nacala.

Tsiku lachitatu Lucius anatopa ndi gombe lodzaza anthu. Anamva kuti kuseri kwa thanthwe lalikulu kuli kagombe kobisika, kopanda mchenga, ka nsangalabwi zokhazokha. Njira yake inali imodzi basi, kuzungulira thanthwelo poyenda pamiyala. M'mawa umenewo miyalayo inali poyera, madzi ali kutali.

Akuyamba njirayo, msodzi wina amene ankasoka ukonde anawaimitsa n'kuyankhula akuloza dzuwa. Chiyankhulo chake chinali chofananako ndi Chilomwe, ndiye Dorica, amene kwawo amayankhula Chilomwe, anamva bwinobwino.

"Bambo a Mwai, akuti nyanja ino imachoka n'kubweranso kawiri pa tsiku. Akuti dzuwa likafika pamutu, njira iyi imamira."

Lucius anaseka. "Nyanja kudzaza popanda mvula? Mu Ogasiti muno? Chiuta amadzaza mu Febuluwale, ndipo amatenga masabata. Akungotiopseza poti ndife alendo. Tiyeni."

Kagombeko kanali kokongoladi. Kunalibe munthu. Mwai ankatola timiyala tosalala n'kumaika m'diresi, bambo ake akujambula zithunzi zoti akaonetse anzawo kumsika.

Patapita nthawi Dorica anati, "Taonani, mwala uja tinaikapo nsapato wanyowa. Tiyeni tizipita."

"Ndi mafunde chabe amenewo. Mphepo ikaleka abwerera."

Anasuntha nsapato. Posakhalitsa anazisunthanso.

"Bambo a Mwai, chonde tizipita. Ine mtima wanga sukukhazikika."

"Inu mayi a Mwai, munakulira kumtunda, madzi a m'beseni omwe mumawaopa. Muli ndi ine pano, mukuopa chiyani?"

Atatsegula chakudya, Dorica anapemphanso kachitatu, misozi ili m'maso. Lucius anati adye kaye. Abale, kuuma mutu kwina kumakwiyitsa.

Pamene ankanyamuka, njira ija kunalibe. Pamene anayenda m'mawa panali madzi okhaokha, mafunde akumenya thanthwe. Kumbuyo kwawo kunali matanthwe ataliatali, oongoka ngati khoma la nyumba. Foni sinkagwira. Anakuwa, koma mawu awo ankathera m'phokoso la madzi. Kagombe kaja kankachepa iwo akuona, ndipo Dorica sankadziwa kusambira.

Apa m'pamene Lucius anasiya kuseka. "Ndingathe kuwolotsa mmodzi. Kenako ndibwera kudzatenga wina."

"Tengani mwana kaye," anatero Dorica. Anavula chitenje chake n'kumumangirira Mwai kumsana kwa bambo ake, ndipo mfundo yake anaimanga kawiri. "Mwai, gwira adadi zolimba. Usatsegule pakamwa. Ine ndikubwera."

Lucius analowa m'madzi. Amenewa sanali madzi amene ankawadziwa. Ankamukoka, kumuponyera pathanthwe, kumukokanso. Anatulukira tsidya lina mawondo ndi manja zili magazi okhaokha, mwana ali moyo. Asodzi amene anali pagombepo anathamanga, anakankha bwato, Lucius ali momwemo. Atazungulira thanthwe lija anapeza kagombe konse kamira. Anaitana dzina la mkazi wake mpaka mawu anatha.

Mtembo unapezeka mawa lake. Zoti auwolotse malire zinakanika, ndiye Dorica anaikidwa komweko, pakati pa anthu osamudziwa.

Lucius anabwerera ndi mwana kumudzi kwa mkazi wake, kufupi ndi Ulongwe. Anthu analira maliro opanda bokosi. Atatha, atsibweni ake a Dorica, a Jasten, anamuitanira pakhonde abale onse ali pomwepo.

"Akamwini, ngozi ya madzi tikuidziwa. Koma tiuzeni chinthu chimodzi chokha. Panalibe amene anakuchenjezani?"

Lucius anayang'ana pansi. "Iyayi, atsibweni. Madzi anangobwera mwadzidzidzi."

Mwai anali pamiyendo ya mayi ake aang'ono. Anadzutsa mutu n'kunena, osati mokwiya, koma ngati mwana wokumbutsa bambo ake chimene aiwala:

"Adadi, amayi ananena katatu kuti tizipita. Inu munati tidye kaye."

Palibe anakalipa. Palibe anamutukwana Lucius. Kenako a Jasten anati, "Tamva. Mwana uyu ndi wa mbumba ino, akhala kuno. Inu mukhoza kumapita."

Lucius anakwera minibasi ya ku Balaka yekha. Amati akapita kukamuona Mwai, mwanayo amamupatsa moni mwaulemu, atagwada, kenako amalowa m'nyumba.

Phunziro: Zimene umadziwa kwanu ndi za kwanu. Ukafika kwa eni ake, mvera eni ake, ngakhale akhale munthu wosoka ukonde wopanda nsapato. Ndipo amuna inu, mkazi akanena kuti akuopa, si nthawi yomuseka. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka amene akukonza ulendo wa kunyanja ndi ana.