Ndulu M'kabotolo

Panali munthu wina, kalipentala, amene Loweruka lililonse ankapita kukawedza kudamu. Akabwera nazo nsomba, mkazi wake ankazipala mamba, kuzitumbula, kuchotsa matumbo ndi ndulu mosamala, kulekanitsa mnofu ndi minga, kutsuka, n'kuika m'firiji. Aliyense amene anatumbulapo nsomba akudziwa kuti ndulu ikaphulikira pamnofu basi, nsombayo siidyeka.

Ndiye kunabwera mchemwali wake wa bamboyo, banja litamukanika. Anati akhala mwezi umodzi. Mwezi wake uti! Anakhazikika ngati mwini nyumba, ndipo iye ndi mlamu wakeyo sankamwerana madzi.

Kuyambira pamenepo nsomba zinayamba kuwawa. Bamboyo akangoluma, kulavula.

"Achimwene, munakwatira chiyani kodi?" ankatero mchemwali uja. "Munthu wolephera kutumbula nsomba? Kapena akukuthirirani zinazake inu muli m'tulo?"

Mkaziyo analira. "Bambo, ndulu ndimachotsa yathunthu n'kukataya m'bini kuseli. Loweruka likubwerali mudzaime pambali panga, mudzaone ndi maso anu."

"Ine ndiziima kukhitchini ngati wantchito wako? Ukuti mchemwali wanga ndi wabodza?"

Mnzake wowedza naye anamulangiza kuti, "Aise, mkazi wakutumbulira nsomba zaka zonsezi, angaiwale lero? Fufuza kaye." Iye anamuuza kuti asamale za kunyumba kwake.

Tsiku lina nsomba itawawa pamaso pa alendo, bamboyo anaswa mbale, n'kuponya zovala za mkazi wake panja. "Choka! Ukaphe ena, ine ayi." Mkaziyo anabwerera kwa makolo ake, ali ndi pakati. Sabata yomweyo nsomba zinasiya kuwawa, chitsiru chija n'kumati, "Mwaona? Anali iyeyo." Ine pamenepa mpamene ndimapsa mtima.

Patapita nthawi anapeza chibwenzi, n'kubwera nacho kunyumba Loweruka lina mchemwali ali kumsika. Pofuna kudzionetsa, nsomba anatumbula yekha. Mtsikanayo sanakhudze ngakhale mpeni. Mchemwali atabwera anafunsa kuti wakonza nsomba ndani. Bamboyo, pofuna kumukometsa mlendoyo, anati, "Alamu anu atsopanowa."

Mawa lake nsomba kuwawa ngati kale!

"Achimwene, inu ndi akazi mulibe mwayi," anatero mchemwali. "Uyunso ndi yemweyo."

Bamboyo anadabwa. Ndulu zonse anachotsa yekha ndi manja ake, palibe inaphulika. Anadzuka, kutsegula firiji, n'kuyamba kutulutsa chilichonse. Kumbuyo kwenikweni anapeza kabotolo ka mankhwala a chifuwa, muli madzi obiriwira. Analawa. Ndulu! Mchemwali uja ankatola m'bini, kufinyira m'kabotolo, n'kumadonthezera paminofu.

Mukuganiza anachita manyazi? Anagwira m'chiuno n'kunena kuti, "Nanga ine ndipite kuti? Mkazi akakhazikika muno mundithamangitsa."

Bamboyo anamuthamangitsadi tsiku lomwelo. Kenako ananyamula kabotolo kaja kupita kwa apongozi ake. Anapeza mkazi wake akuyanika matewera, khanda lili kumsana. Anagwada.

"Mayi, ndinalakwa. Onani ichi. Tiyeni kunyumba."

Mkaziyo kabotoloko sanakayang'ane n'komwe. "Ndamva masiku ano mumatumbula nokha nsomba. Ndiye mukudziwa. Ndulu ikalowa m'mnofu, mutsuke ndi madzi a damu lonse, kuwawa sikuchoka. Ndinakupemphani kuti mungoima pambali panga, munakana."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Mpaka lero bamboyo mwana wakeyo amamuonera pageti, ngati mlendo.

Phunziro: Munthu akakupempha kuti bwera udzaone ndi maso ako, pita ukaone. Wokunong'oneza zoipa za mnzako udzifunse mumtima kuti iyeyo apindula chiyani, ngakhale akhale m'bale wako wa bere limodzi. Usaikhalire nkhaniyi, itumize kwa onse amene amaweruza ndi makutu, banja la wina lisanathe.