Chipewa M'mapaipi a Galimoto

Padangokhalatu Galu wina amene mbuye wake anapita ku Joni, n'kusiya galimoto pansi pa mtengo wa mapeyala. M'mawa uliwonse Galu ankalowera pachitseko chosatsekeka bwino n'kugunditsa mphuno potulukira mphepo, poti m'menemo munkachokera kafungo ka mbuye wakeyo.

Tsiku lina anamva kuti tseketseke m'katimo. Anali Khoswe, atadzaza mapaipi a mphepowo ndi makoko a mtedza, nsanza ndi timanyi take.

"Tuluka iwe!" anakalipa Galu. "Abwana akadzabwera adzapume nyansi zakozi?"

"Zisiyeni, achimwene," anatero Khoswe. "Munthu sabwerera chifukwa choti mwasesa."

Galu sanamve. Anaitana Linthumbu, lomwe linatuta zonse kamodzikamodzi mpaka mapaipi anayera mbee. Khoswe anasamuka.

Kutacha Galu ananunkhiza, ananunkhizanso. Fungo la chitsulo lokhalokha.

Khoswe ali pampanda anati, "Nsanza zija zinali za chipewa cha abwana anu, anachiiwala pansi pa mpando, ine n'kuchikokera m'mapaipimo. Thukuta lawo linali m'menemo."

Mpaka lero Galu amanunkhiza galimoto iliyonse yoima, kufunafuna chipewa chija.