Mapiritsi Pansi pa Usipa

"Phukusi lanu ili, achemwali," anatero Hamilton atatsegula chitseko cha nyumba yake ku Indianapolis. Anali atangofika kumene kuchokera ku Malawi.

Joan anali atayendetsa galimoto kuchokera ku South Bend mutu ukugunda njira yonse. Tsiku lililonse amacheka BP ya nkhalamba zomwe amasamalira, koma yake amaopa kuyeza. Analibe inshuwalansi, ndipo kwa dokotala kuno salowako chimanjamanja. N'chifukwa chake anadandaulira amayi ake ku Balaka kuti amupezere mankhwala.

Joan anamasula chitenje chomwe chinakulunga phukusilo. Pansi pa usipa panali timatumba titatu ta mapiritsi.

"Amayi mwawasiya bwanji?" anafunsa.

Hamilton anayang'ana pansi. "Miyendo yatupa, akuyendera ndodo. Koma akuti musade nkhawa. Akuti wofunika mphamvu ndinu, poti mukudyetsa mudzi wonse."

Joan anatembenuza katumba kamodzi kuti aone kamwedwe kake. Panali chidindo cha chipatala cha boma ndi dzina la wodwala lolembedwa ndi bolopeni. Anatembenuza katumba kachiwiri, kenako kachitatu.

Anali mankhwala a miyezi itatu, osatsegulidwa, ndipo ponsepo panali dzina la amayi ake.