Atatu Osowa pa Mndandanda

"Pafomu ya makoleji ulembe iyi pamwamba," anatero a Alufeo, akulozera mwana wawo Veronika nyuzipepala yomwe inandandalika makoleji malinga ndi mmene ophunzira akhozera mayeso. "Taona, onse 37 akhoza. Palibe wolephera ndi mmodzi yemwe."

Akazi awo, a Dorika, sanasiye kusankha kachewere wopita naye kumsika wa Linthipe.

"Kizito wa a Yohana a ku Mayani analowa komweko," anatero. "Anandiuza yekha kuti m'kalasi mwawo anali 40. Atatu enawo ali kuti?"

"Tsitsani mawu, make Veronika."

"Ndangofunsa. Kizitoyo anangofunsa funso limodzi m'kalasi, la makadi a chipani. Landirova inabwera kudzamutenga dzuwa likuswa mtengo. Chino n'chaka chachiwiri amake akungosesa m'chipinda mwake. Nyuzipepala yanuyo imawerenga otsala okha."

A Alufeo anasuzumira kumpanda, kenaka anapinda nyuzipepala ija n'kuikhalira.

Veronika anayang'ana pansi. "Amayi, fomu ija ahedi anatumiza kale Lolemba. Anandisankhira yomweyo."

"Chifukwa?"

"Akuti ndikachita bwino kumeneko. Akuti pasukulu ponse palibe wokonda kufunsa mafunso ngati ine."