Zimene disiki ya a Mwetulirani inalavula

Panali munthu wina wojambula zithunzi ndi mavidiyo m'maukwati, amene anthu ankangomutchula kuti a Mwetulirani. Nkhaniyi ndi yoona, yachokera kwa mayi wokhala nawo mpanda umodzi.

Bamboyu sankakhulupirira munthu, foni ankalowa nayo ndi kubafa komwe. Chifukwa chake chinalipo. Mu laputopu yake yantchito anabisamo zithunzi zake ndi kamtsikana kena ka ku saluni, zithunzi zoti ine ndi msinkhu wangawu sindingazifotokoze. Ankaopa chinthu chimodzi basi: kuti mkazi wake angazione.

Ndiye laputopuyo inadzaza. Ukadina vidiyo, umatha kukasamba n'kubwerako isanatseguke. Mkatimo munalinso vidiyo ya ukwati wa mwana wa abusa yomwe anali asanaipereke, ndipo mayi busa ankaimba foni osapuma.

Mkazi wake anati, "Bambo, achimwene anga ntchito yawo ndi yokonza makompyuta. Akuikirani disiki yaikulu n'kusamutsa zonse. Akuti muyambe mwakopera zinthu zanu pena."

"Alamu? Aja maso ngati tochi? Iyayi."

"Mukuopa kuti aonamo chiyani?"

"Zinsinsi za makasitomala."

Mayiyo anangowayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

A Mwetulirani anagula disiki yatsopano n'kupita mbali ina ya tauni komwe palibe wowadziwa. Pakhonde la shopu ya mafoni anapeza bambo wina wa tayi, sikuludiraiva ili m'thumba la malaya.

"Kantchito kophweka aka, bwana. Tilumikiza yatsopanoyi ndi chingwe, makinawa akopera zonse za mu yakale, kenako timasula n'kusinthanitsa."

Wa tayiyo analowetsa filashi yake n'kuyatsa laputopu. Pomwepo a Mwetulirani anaitembenuza.

"Sikirini iyang'ane kwa ine. Inu muzingondiuza podina."

"Ndigwira bwanji ntchito osaona, bwana?"

"Mukufuna muonemo chiyani? Wakutumani ndani?"

Wa tayi uja anakweza manja. "Chabwino. Sankhani disiki yochokera, kenako yolandira. Yakale ndiyo yochokera."

Madisiki onse awiri anali ndi mayina a manambala okhaokha. A Mwetulirani anangolota. Panabwera kachenjezo ka Chingerezi, iwo osawerenga, dinu!

Posakhalitsa anati, "Yatha."

"Yatha kale? Disiki yodzaza?" Wa tayi anasuzumira, thukuta kamukamu. A Mwetulirani anali atakopera disiki yopanda kanthu pamwamba pa yodzaza ija. Zonse mbee!

"Dikirani ndikatenge chingwe china, bwana."

Mpaka lero akutengabe chingwecho. Mwini shopu anati, "Ameneyo? Si wantchito wanga. Amangobwera kudzathawa dzuwa pakhondepa."

Atafika kunyumba anapeza mayi busa ali pabalaza, chikwama pamiyendo, akuti sachoka opanda vidiyo ya mwana wawo. Panalibenso kothawira. Onse atatu, bambo, mkazi wawo ndi mayi busa, ulendo wa kwa alamu aja.

Mlamuyo anaiyeza disiki ija n'kunena kuti, "Zambiri zibwera, alamu. Koma zibwera mulu umodzi, zopanda mayina, ngati zovala za pa kaunjika. Chimene munaika pakona chipezeka pakati. Pafunika anthu odziwa nkhope azisankha."

"Ndisankha ndekha," a Mwetulirani anatero.

"Mwatopa bambo, khalani apo," anatero mkazi wawo akukoka mpando. "Ine ndi mayi busa tikuthandizani."

Zinayamba kutuluka. Mkwatibwi. Keke. Abusa akuvina. Mayi busa kumwetulira. Kenako, abale inu, chinatuluka chithunzi chopanda suti, chopanda velo, chopanda chilichonse.

Mayi busa anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

Mkazi uja sanakuwe. Anangoti, "Achimwene, takulitsani pang'ono pakonapo. Eya. Bambo, bulangeti ilo si langa lija munati labedwa pachingwe? Lija munanditumira kukakangana ndi aneba?"

A Mwetulirani anati, "Mayi, zinthu za makompyutazi zimatha kusakaniza mitu ya anthu..."

"Zimasakanizanso mabulangeti?"

Vidiyo ya ukwati inapezeka yonse, mayi busa ananyamula n'kumapita, ndipo nkhaniyi inafika m'nyumba zathu iwo asanafike kwawo. Disiki yatsopano anaiika mlamu yemweyo. Laputopuyo tsopano ikuthamanga bwino zedi, ndipo ndi katundu yekhayo amene a Mwetulirani anatuluka naye m'nyumba muja. Pano akugona pa benchi ya makasitomala mu situdiyo yawo yojambulira.

Phunziro: Musanasinthe disiki ya laputopu, koperani zinthu zanu pena, ndipo ntchitoyo mupatse munthu amene mukudziwa komwe amagona. Mukaona munthu akukayikira aliyense, dziwani kuti wokayikitsa ndi iyeyo. Tumizani kumagulu anu onse, makamaka kwa azibambo amene amalowa ndi foni kubafa!